Bwalo, Ndende ndi Chipatala: Mbiri ya Chilango ndi Machiritso ku Linthipe

Dziko la Linthipe, limene lagona pansi pa mapiri a Chongoni m'dera la Mfumu Kaphuka m'boma la Dedza, linakhalamo anthu zaka mazanamazana lisanaone khoma la ndende kapena chipewa cha msilikali. Oyamba anali Akafula, anthu aafupi osaka nyama, amene anasiya zizindikiro zawo zofiira pa matanthwe a m'mapiriwo. Pambuyo pawo anafika Achewa, a Banda ndi a Phiri, amene akuluakulu amasimba kuti anachokera ku Uluwa, nayenda mibadwo yambiri akumanga ndi kusamuka, kufikira anakhazika Kalonga wawo ku Mankhamba, kumunsi kwa mapiri ano cha kunyanja. Makolo amenewa sanali oyera mtima kuposa ife, pakuti pakati pawo panali akuba, andewu pamowa, achigololo ndi ambanda. Komabe midzi yawo inakhazikika, ana anakula, nkhokwe zinadzala, popanda nyumba yotsekeramo munthu. Mmene ankachitira ndi wolakwa, mmene njira yawoyo inasokonekera, ndi mmene dziko lathu layambira kuifunafunanso kudzera kuchipatala, ndiyo mbiri yoyenera kuilondola kuyambira pachiyambi.

Pa mwambo wa Achewa munthu sankaima yekha pamlandu. Aliyense anali ndi mwini mbumba, ndiye mtsibweni wake, ndipo banja lililonse linali ndi ankhoswe. Chotero mnyamata akaba mbuzi kapena akavulaza mnzake, mthenga ankapita kwa akuluakulu ake, popeza nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Nkhani ikakanika pakhomo inkafika pabwalo, pamene nyakwawa ndi nduna zake, atakhala pamthunzi pamaso pa mudzi wonse, ankamva mbali zonse mosathamanga, nafunsa za kholo la nkhaniyo, za njala ya pabanjapo, za chidani chakale, za mowa umene unamwedwa, kufikira muzu wa choipacho utaoneka. Chigamulo chinali dipo: nkhuku, mbuzi, makasu kapena nsalu, zimene mbumba yonse inkasonkha kuti wolakwiridwa apukutidwe misozi. Popeza abale ndiwo ankalipa, abale omwewo ndiwo ankamuyang'anira wolakwayo kuti asabwerezenso. Ndipo popeza iye ankatsala m'mudzi, munda wake unkalimidwa, ana ake osagona ndi njala. Mlandu unkayesedwa kuti watha pokhapokha mabanja awiriwo atayambanso kupalana moto ndi kuyenderana pamaliro.

Chinanso chimene tiyenera kuchimvetsa ndi chakuti makolowo sankaika malire pakati pa kulakwa ndi kudwala. Ankakhulupirira kuti mwamuna akayenda njira zachigololo mkazi wake ali ndi pakati kapena mwana ali wakhanda, mdulo kapena tsempho ugwera osalakwa m'nyumbamo. Ndipo mankhwala ake anali kuulula pamaso pa akuluakulu, kenako kulandira mitsitsi ya sing'anga. Madokotala a lero amafotokoza kutupa ndi kuonda kwa ana mwa njira ina, ndipo tiyenera kuwamvera. Koma phunziro limene linali m'kati mwa chikhulupirirocho n'losafa, lakuti tchimo la mmodzi limafika pathupi la anzake, ndi kuti mathero oyenera a kulakwa ndi kuchira kwa onse. Nthomba ikabuka, wodwala ankamumangira msasa kunja kwa mudzi, ndipo amene anadwalapo kale napulumuka ndiwo ankamutumikira ndi phala ndi madzi. Anapatulidwa, koma sanatayidwe. Ndipo pofuna kutchinga choipa chisanabadwe, popeza m'mera mpoyamba, anamwali ankalangizidwa ndi anamkungwi, anyamata naphunzira mwambo kudambwe. Zithunzi zoyera za chinamwali ndi za nyau zimene zili m'mapanga a Chongoni, malo amene UNESCO inawalemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006, ndi mboni ya sukulu yakaleyo.

Tisanamize ana athu kuti kale lonselo linali lokoma. Bwalo lomwelo limene linkayanjanitsa abale linkamwetsanso anthu mwavi powaganizira ufiti, ndipo nkhalamba zambiri zosalakwa zinafa ndi khungwa lowawalo; mlandu waukulu unkalipidwa ndi munthu, mwana wa mlongo naperekedwa ukapolo; wamisala wolusa ankamangidwa ndi luzi pamtengo kufikira mikono itatupa. Zoipa zimenezi zinakula pamene nkhondo inalowa m'dziko. Angoni a Maseko atakhazikika ku Domwe cha m'ma 1870, ndipo Ayao a Tambala ndi anzawo atatsegula njira za malonda a akapolo zotsikira kunyanja, Achewa a chigawo chino anasiya madambo awo achonde nakwera m'mapiri, ku Chongoni, ku Chilenje ndi ku Nkhoma, kumene anapanikizana ndi njala ndi matenda. Mu ufumu wa Chikusi, mfumu ya Angoniwo, mwavi unkamwetsedwa kwa makamu a anthu nthawi imodzi. Mantha akalowa m'mudzi chifundo chimatuluka, ndipo anthu amene kale ankafunsa chimene chadwalitsa mnzawo anayamba kufunsa kokha amene ayenera kufa.

Ulamuliro wa Angerezi unalengezedwa mu 1891, ndipo mu 1896, chaka chimene asilikali a boma anapha Inkosi Gomani ya Angoni, amishoni a mpingo wa Dutch Reformed anamanga pa Nkhoma, pansi pa phiri limene anthu a Mfumu Mazengera anabisalapo. Motero nyumba ziwiri zachilendo zinalowa m'dziko lino pafupifupi nthawi imodzi, ndende ya boma ndi chipatala cha mishoni, ndipo kuyambira pamenepo anthu a ku Linthipe akhala akuyenda pakati pa ziwirizi. Boma linachita bwino pothetsa ukapolo, ndiponso poletsa mwavi ndi lamulo la 1911. Koma ambiri mwa amene anayamba kulawa unyolo sanali ambanda kapena achifwamba; anali amphawi olephera msonkho wa nyumba, amene amesinjala ankawagwira, nthawi zina kugwira akazi awo chikole kufikira ndalama itapezeka. Polisi ya Nyasaland itakhazikitsidwa mu 1921, ndipo buku la malamulo a milandu litayamba kugwira ntchito mu 1930, munalowa milandu yotengedwa ku England imene makolo sanaimvepo: munthu wopezeka akuyenda usiku wopanda chifukwa chokhutiritsa msilikali anasanduka wavakabu, ndipo wofuna kudzipha amene wapulumuka ankayembekezera khoti. Akuluakulu a m'midzi ankadabwa ndi chilungamo chatsopanochi, chimene chinkatenga wakuba n'kukamudyetsa ku boma miyezi isanu ndi umodzi, mwini mbuzi osalandira kanthu, ana a wakubayo n'kutsala akupemphetsa.

Palibe pamene kusokonezeka kwa chilango ndi machiritso kunaonekera poyera kuposa pa odwala misala. Malo oyamba amene boma linawakonzera, mu 1910, anali chigawo cha ndende yaikulu ya Zomba, ndipo owayang'anira anali asilikali a ndende. Panapita zaka zoposa makumi anayi chipatala chenicheni cha odwala misala chisanatsegulidwe ku Zomba komweko mu 1953. Pa zaka zomwezo njira inayo inali kuonetsa zipatso zake mwakachetechete: chipatala cha Nkhoma chinayamba mu 1915, ndipo ku Mua, kumunsi kwa Dedza, ansembe Achikatolika anasonkhanitsa akhate nawasamalira. Nawo moyo wa m'midzi unali kusintha. Amuna ankapita ku Harare ndi ku Joni, ena kudzera m'bungwe lolemba antchito la Mthandizi ena la Wenela, nabwerako ndi njinga, masuti ndi chifuwa cha m'migodi. Ena sanabwerenso, nasanduka matchona. Amayi otsala okha, pofuna ndalama ya msonkho ndi ya mchere, anayamba kutcheza kachasu, ndipo boma, m'malo mofunsa chimene chawafikitsa pamenepo, linkaphwanya mitsuko yawo ndi kuwalipiritsa. Mbumba imene inkasenza wolakwa inayamba kuchepa mphamvu, pakuti atsibweni ambiri anali kutali.

Pa 3 Malichi 1959 boma la atsamunda linalengeza nyengo ya chipwirikiti, nitsekera anthu oposa 1,300, pamodzi ndi Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene anakamusunga ku Gweru. Anthu anayembekeza kuti ufulu wa 1964 uchepetsa ndende, koma zinachuluka: Dzaleka ku Dowa ndi Mikuyu ku Zomba zinadzala ndi anthu osazengedwa mlandu, ndipo makhoti amene ankatchedwa a makolo, atapatsidwa mphamvu yozenga milandu yakupha ndi youkira boma, anatenga dzina la bwalo lakale koma osatenga mtima wake woyanjanitsa. Komabe m'nyengo yomweyo munabadwa gulu la antchito amene ayenera kukumbukiridwa ndi ulemu. Anayamba ngati otemera nthomba, oyenda mudzi ndi mudzi. Kolera atabuka mu 1973 anawonjezeredwa ena olangiza za zitsime ndi zimbudzi. Ndipo kuchokera mwa iwo munatuluka alangizi a zaumoyo amene lero amayenda panjinga m'midzi ya Kaphuka, kuyeza ana kusikelo ndi kulondola odwala chifuwa. Nthomba, imene inazunza makolo mibadwo yonse, inagonja ndi katemera woperekedwa pakhomo, ndipo dziko lonse lapansi linalengezedwa kuti lamasuka ku nthendayo mu 1980. Pamene nkhondo ya ku Mozambique inathamangitsira anthu zikwizikwi m'boma la Dedza m'zaka za m'ma 1980, mtendere wa m'midzi unasungidwa kwambiri ndi ufa, mijigo ndi katemera, pamodzi ndi mafumu amene anagawira alendowo malo.

Edzi, imene inapezeka koyamba m'Malawi mu 1985, ndiyo inaphunzitsa dziko kuti khoma la ndende silitchinga matenda. Mu 1996 madokotala anayeza akaidi 914 m'ndende ya Zomba napeza 47 ali ndi chifuwa chachikulu, chiwerengero choposa kutalitali cha anthu a kunja. Ndipo aliyense woganiza anaona kuti chifuwacho chimatuluka pachipata pamodzi ndi msilikali wopita kunyumba, mayi wobweretsa chakudya, ndi mkaidi womasulidwa wobwerera kwawo. Malamulo aakulu a dziko a 1994 anali atanena kale kuti mkaidi ndi munthu woyenera chakudya ndi mankhwala. Maiko a mu Africa atakumana ku Kampala mu 1996 ndi ku Kadoma mu 1997 anagwirizana kuti olakwa pang'ono asamadzaze ndende. Motero mu 2000 makhoti athu anayamba kupereka chilango chogwira ntchito pasukulu, pachipatala kapena pamsewu munthu akugona kwawo, ndipo chaka chomwecho alangizi a zamalamulo anayamba kulowa m'ndende kufunafuna oiwalika pa rimandi. Pambuyo pake ena anaphunzitsa anthu a m'midzi luso loyanjanitsa okangana nkhani isanafike kupolisi. Mu 2009 khoti loona za malamulo aakulu, pomva dandaulo la mkaidi wina, linagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu, kumene anthu amagona chokhala usiku wonse, ndi nkhanza yosayenera munthu, nilamula boma kuti lichepetse ndi theka pa miyezi 18.

Njala ya 2002 inaonetsa mbali ina ya nkhaniyi, ndipo m'chigawo chapakati ikukumbukiridwabe ndi chisoni. Anthu ogwidwa akuthyola chimanga chachiwisi m'minda ya eni ankamenyedwa, ena kudulidwa makutu kapena zala, ena kuphedwa. Koma nkhanza zonsezo sizinaletse kuba, popeza wakubayo anali njala, ndipo kuba kunachepa pamene chakudya chinafika. Phala la kusukulu, limene linayesedwa koyamba m'boma lino la Dedza mu 1999, ndi ndalama za Mtukula Pakhomo, zimene zinayambira ku Mchinji mu 2006, sizilembedwa m'mabuku a polisi. Koma mphunzitsi aliyense akudziwa kuti mwana amene wamwa phala amakhala m'kalasi, ndipo amene ali m'kalasi sapezeka pamsika akusolola m'matumba. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 linatsata nzeru yomweyo polola kuti mwana wolakwa pang'ono apatutsidwe ku khoti, alangizidwe pamaso pa makolo ake, napepese kwa amene anamulakwira. Nayonso Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Mtakataka inamveka dziko lonse pothetsa maukwati mazanamazana a ana, ndipo chida chake chachikulu chinali kukhala pansi ndi mafumu, makolo ndi amayi a m'midzi, ndi kubwezera atsikanawo kusukulu.

Pa nkhani ya kachilombo ka HIV dziko linaima pa mphambano, pakuti ambiri ankafuula kuti ofalitsa matenda amangidwe. Mu 2009 apolisi a ku Mwanza anagwira amayi oyendayenda nawayezetsa magazi mokakamiza, zotsatira zake n'kuwerengedwa poyera m'khoti. Mu 2015 khoti lalikulu linati zimenezo zinaphwanya ufulu wawo. Mu 2016 amayi 19 anagwidwa m'malo ogona alendo pa Dedza pompano naweruzidwa mothamanga, koma woweruza Zione Ntaba wa khoti lalikulu ku Zomba anafafaniza chigamulocho. Ndipo mu Januwale 2017 woweruza yemweyo anamasula mayi amene anamangidwa chifukwa choyamwitsa mwana wa mnzake iye ali ndi kachilombo, ngakhale anali kumwa mankhwala ndipo mwanayo sanatenge matenda. Mwezi womwewo oweruza atatu, pa mlandu wa wogulitsa majumbo amene anagwidwa m'bandakucha akupita kumsika ku Limbe, anathetsa ndime ya lamulo la vakabu imene inazunza amphawi kuyambira nthawi ya atsamunda. Potsiriza, mu Novembala 2017, aphungu a Nyumba ya Malamulo anachotsa m'lamulo la HIV ndime zokakamiza kuyezetsa ndi zomanga munthu chifukwa chopatsira mnzake, atamva amayi okhala ndi kachilomboka akufotokoza kuti woopa unyolo sapita kukayezetsa, ndipo wosayezetsa ndiye amafalitsa matenda osadziwa. Chimene chinachepetsa maliro m'midzi ya Linthipe ndi ma ARV aulere amene anayamba kuperekedwa mu 2004, pamodzi ndi magulu a anthu olimbikitsana kumwa mankhwala mokhulupirika.

Maiko enanso afika pa nzeru yomweyi poyenda njira zawozawo. Dziko la Portugal mu 2001 linasiya kutsekera anthu opezeka ndi mankhwala ozunguza bongo ochepa ogwiritsa ntchito okha, niyamba kuwatumiza kwa alangizi ndi madokotala, ndipo matenda opatsirana kudzera m'majakisoni anatsika kwambiri. Mzinda wa Glasgow ku Scotland, umene unatchuka ndi kubayana mipeni, mu 2005 unayamba kulimbana ndi chiwawa monga mmene amalimbanirana ndi mliri, apolisi akugwira ntchito limodzi ndi aphunzitsi ndi madokotala. Ku Harare, Dr. Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi kunja kwa chipatala ndi kumvetsera anthu olemedwa mtima, njira imene yafikanso ku Lilongwe. Ndipo kuno kwathu, mliri wa Covid-19 utafika mu 2020, Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anakhululukira akaidi 499 pofuna kuchepetsa kuthithikana. Chimenecho chinali chivomerezo chakuti ambiri anali m'katimo amene dziko likanatha kuwasunga kunja popanda choopsa.

Lero Linthipe ndi malo a malonda pa msewu waukulu wa M1, pamene magalimoto a katundu amaima usiku, amayi nagulitsa mbatata ya kachewere, tomato ndi anyezi, ndipo anyamata ambiri amene minda ya makolo yawachepera amakhalira maganyu ndi kabaza. Mavuto amene amafika kupolisi masiku ano ndi akale omwe atavala malaya atsopano: kachasu ndi mowa wa m'timabotolo umene unalowa m'malo mwa masacheti oletsedwa, chamba chimene chasokoneza mitu ya ana asukulu, ndewu za m'banja, ngongole zimene zafikitsa abambo ena podzimangirira. Ndende za dziko lino, kuphatikizapo ya Dedza ndi ya Maula, zikusungabe anthu ochuluka koposa amene zinamangidwira, pamene anamwino odziwa za matenda a maganizo ndi owerengeka, ndipo banja la wodwala misala kawirikawiri limayamba kuitana apolisi chifukwa palibe wina woitana. Mnyamata wogwidwa ndi ndudu imodzi ya chamba akakhala chaka pakati pa akuba okhwima amatuluka ali ndi chifuwa, wopanda sukulu, wodziwa kuthyola maloko. Mudzi umene unamutumiza kuti akaongoke umalandira munthu woopsa kuposa amene unapereka.

Sitikunena kuti ndende igwetsedwe. Wakupha mnzake, wogwirira mwana, wachifwamba wa zikwanje, ndi wakuba mankhwala a m'chipatala ayenera kuchotsedwa pakati pa anthu, ndipo mfumu imene imabisa mlandu wogwirira mwana poulipiritsa mbuzi yachimwira mwanayo ndi Mulungu yemwe. Chimene mbiri iyi ikutiphunzitsa ndi chakuti unyolo uli ndi ntchito yochepa, ndipo ukapatsidwa ntchito ya chakudya, ya mankhwala kapena ya malangizo, umalephera ndi kuonjezera mabala. Nthomba, kolera, njala ndi Edzi zinabwerera m'mbuyo pamene anthu anafikiridwa pakhomo ndi thandizo. Palibe chifukwa choganizira kuti uchidakwa, chamba ndi kusweka mtima zidzagonja mwa njira ina. Popeza mutu umodzi susenza denga, nkofunika kuti gulupu, mlangizi wa zaumoyo, mkulu wa mpingo, shehe, mphunzitsi ndi wapolisi wa m'dera azikhala pamodzi mwezi ndi mwezi, natchula mabanja amene akumira ndi ana amene asiya sukulu, thandizo lifike msanga. Kuti chipatala chilichonse chaching'ono chikhale ndi munthu wophunzitsidwa kumva za maganizo ndi mankhwala ake osasowa. Kuti amajisitireti agwiritse ntchito mphamvu imene malamulo anawapatsa kale yopereka chilango cha kunja kwa ndende. Ndi kuti aphungu athu, pogawa chuma cha boma chaka ndi chaka, awerengere mtengo wosunga mkaidi mmodzi pa mlandu wa nkhuku, nauyerekeze ndi mtengo wolemba mlangizi mmodzi amene angateteze mudzi wonse.